KODI KUMWAMBAKU NKWA YANI?

Abale ndi alongo a m'makomboni, sabata ino tifuna kukamba nanu nkhani imene ambiri adzati si yao. Munthu amene adzuka tambala woyamba kuthamangira basi ya ku nchito, amene mtengo wa thumba la ufa umsowetsa tulo, adzafunsa kuti: za ndeke zindikhudza bwanji ine, amene sindinapondemo ndi phazi lomwe? Tikupemphani muwerenge kufikira pothera. Nkhaniyi ndi ya malire a dziko lathu, ndipo mwazi unakhetsedwa kale m'dziko muno cifukwa ca iyo.

Usiku kukati zii, tulukani panja muchere khutu. Mudzamva kulira kwa ndeke patali-tali, ndi kuona kanyali kakuphethira pakati pa nyenyezi. Zambiri za ndeke zimenezo sizitera kuno. Zina zicokera ku Johannesburg kunka ku Ulaya, zina ku Nairobi ndi ku Addis Ababa kunka kumwera, ndipo Zambia kwa izo ndi njira cabe. Tsono ife tifunsa: ndani waziloleza kudutsa pamwamba pa nyumba zathu? Ndani alikulankhula nazo? Ndani azilemba m'buku? Nanga imodzi ikasowa, adzadzuka kukaifuna ndani?

Lamulo lace liripo ndipo ndi lomveka. Pa 7 December 1944 maiko 52 anasaina pangano mu mzinda wa Chicago ku America, ndipo ndime yoyamba yeni-yeni ya panganolo inena kuti dziko liri lonse liri ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yace, osagawana ndi wina. Ife ku Chicago kunalibe. Nthawi imeneyo tinali Northern Rhodesia, ndipo Mngelezi ndiye anali kutilankhulira monga ngati ndife ana. Tinadzalowa patokha m'bungwe la maiko loyang'anira za ndeke, lochedwa ICAO, limene likhala ku Montreal m'dziko la Canada, titalandira ufulu mu 1964.

Koma pepala la ku Chicago silionetsa ndeke njira. Nchito yeni-yeni iyenda motere. Mlengalenga wa dziko lonse lapansi unagawidwa m'zigawo, monga alimi agawana ndime m'munda, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi ofesi yace ya wailesi. Cathu cichedwa cigawo ca Lusaka. Ndeke isananyamuke, eni ace alemba kalata ya ulendo: nambala ya ndeke, kumene icokera, kumene ipita, njira yace, msinkhu umene idzaulukira, mafuta a maola angati, anthu angati. Ndeke yacilendo ifunikanso cilolezo codutsira, kaya ca pangano la pakati pa maboma, kaya copempha ulendo umodzi-umodzi, ndipo ndeke ya nkhondo ya dziko lina siloledwa konse kulowa Boma lisanabvomere. Ikafika pa malire, wolondolera wa dziko loyandikana nalo aipereka m'manja mwa wolondolera wathu, ndipo woyendetsa aitana Lusaka pa wailesi m'Cingelezi ndi kudzichula dzina. Kuyambira pamenepo sakwera, satsika, sakhota popanda kuuzidwa. Kumwambako ndeke ziwiri zikhoza kupitana ina pamwamba pa inzace, mpata wace uli mafiti 1,000 cabe, ndiwo mamita ngati 300, ndipo iri yonse irikuthamanga makilomita oposa 800 pa ola limodzi. Munthu wa pa mpando uja akasinza, kapena akaphonya nambala imodzi, anthu mazana atha nthawi yomweyo.

Ena a ife tinagwirako ukalaliki pa mgodi, ndipo nchito yotere sitiiona yacilendo. Pa shafiti, keji siyenda mwa kufuna kwa okweramo. Iyenda pamene wa belu waliza belu. Munthu ali yense wotsika pansi atenga nyali ya nambala yace, ndipo dzina lace lilembedwa. Shifiti ikatha, nyali imodzi nikusowa pa malo pace, palibe kalaliki kapena kapitao amene anganene kuti kapena mnzathuyo watulukira kwina, tiyeni tikagone. Anthu atsika kukamfuna nthawi yomweyo. Citsanzo cimeneci mucisunge, pakuti tsopano tirikupita ku Ndola.

Madzulo a pa 17 September 1961 ndeke yochedwa Albertina inanyamuka ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, itanyamula Bambo Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, ndi anzace 15. Anali kudza ku Ndola kudzaonana ndi Moïse Tshombe kuti nkhondo ya ku Katanga ileke. Pakati pa usiku patangopita mphindi zowerengeka, woyendetsa anauza nsanja ya Ndola kuti waziona nyali za pabwalo ndipo alikutsika. Anthu a pabwalopo anaimva ikudutsa pamwamba pao. Pambuyo pace sinamvekenso.

Nanga eni thambo a nthawiyo anacita ciani? Masiku amenewo tinali m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ca Roy Welensky, ndipo za ndeke zonse zinali m'manja mwa boma la Citaganya ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Akuru-akuru amene anali pabwalo, pamodzi ndi Lord Alport, kazembe wa Britain wa ku Salisbury, anangoganiza kuti mlendoyo wasintha mtima napita kwina. Kusanace bwalo linatsekedwa, anthu nakagona. Ndeke zofuna-funa zinauluka dzuwa litakwera kale, ndipo zidutswa za Albertina zinaoneka ca m'ma 3 koloko masana, patapita maola ngati 15, m'thengo la makilomita ngati 15 cabe kucokera pabwalo. Munthu mmodzi, Harold Julien, anampeza akali moyo, atagona padzuwa ndi mabala a moto. Anamwalira m'cipatala ca Ndola patapita masiku owerengeka. Nyali inasowa pa malo pace, ndipo akalaliki anapita kukagona!

Mau amene nsanja inalankhulana ndi ndekeyo sanajambulidwe pa tepi. Koma maso analipo. Anthu a ku Twapia ndi oocha makala a m'thengomo anaona zinthu kumwamba usiku umenewo. Bambo Timothy Kankasa, amene anali mlembi wa komboni ya Twapia, ndipo pambuyo pa ufulu anadzakhala nduna ya Boma, anacita umboni kuti anaona ndeke ziwiri, yaing'ono pamwamba pa yaikuru. Umboni wa anthu akuda unayesedwa cabe. Bungwe loyamba lofufuza linatsogozedwa ndi Maurice Barber, mkuru wa dipatimenti yomweyo ya za ndeke imene anthu ace anali pa nchito usikuwo. Kodi mwini mlandu angakhalenso woweruza? Bungwe lina la Citaganya mu 1962 linati wolakwa ndi woyendetsa, amene anali m'manda ndipo sakanatha kudziyankhira. La United Nations caka comweco linakana kutseka nkhani. Ndipo kuyambira mu 2017 Bambo Mohamed Chande Othman, amene kale anali mkuru wa oweruza ku Tanzania, analembera United Nations malipoti angapo onena kuti nkotheka ndithu kuti ndekeyo inaukiridwa, ndi kuti maboma ena sanatulutse makalata onse amene ali nao.

Ca ife ndi ici. Cinthu cinagwa kucokera m'thambo lathu, pa nthaka yathu, pamaso pa makolo athu, koma wailesi, buku ndi woweruza zonse zinali za eni ena.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963. Pogawana katundu, ndeke zamphamvu za nkhondo, za mtundu wa Hunter ndi Canberra, zogulidwa ndi msonkho wa maiko onse atatu umene mbali yace yaikuru inacokera ku mkuwa wathu, zinapita ku Southern Rhodesia. Ife tinalandira ndeke zowerengeka zonyamula katundu. Maina awiriwo, Hunter ndi Canberra, musawaiwale, pakuti tidzakomana naonso.

Pa 24 October 1964 mbendera yathu inakwera. Patangopita caka cimodzi, pa 11 November 1965, Ian Smith anapandukira Britain nadzitengera boma la Rhodesia. Mafuta amene anali kudzera kumwera anatsekedwa, petulo anayamba kugawidwa pang'ono-pang'ono ndi makuponi, ndipo kuyambira December ndeke zotumidwa ndi Britain, Canada ndi America zinayamba kututa mafuta kudzera kumwamba. Dr. Kenneth Kaunda anapempha citetezo, Harold Wilson natumiza ndeke za nkhondo zochedwa Javelin ku Ndola ndi ku Lusaka. Apa pali nkhani yoseketsa ndi yocititsa manyazi pamodzi. Ndeke zimenezo, zobwera kudzatichinjiriza kwa Smith, zinali kudalirabe olondolera a ku Salisbury, pakuti ofesi ya wailesi ya cigawo conse inali komweko. Mbendera tinali nayo, mpando wa ku United Nations tinali nao, koma liu lomveka kumwamba kwathu linali la mdani. Pang'ono-pang'ono Boma linayamba kumasula mfundo zimenezi. Mu 1967 bwalo latsopano la ndeke la Lusaka linatsegulidwa, ndipo Zambia Airways inapatukana ndi Central African Airways ya ku Salisbury. Mu 1968 paipi ya mafuta yocokera ku Dar es Salaam inafika ku Ndola.

Conco wailesi inadzakhala yathu ndi anthu a pa nsanja anadzakhala athu. Kodi pamenepo thambo linakhala lathu? Mverani za 1978. Pa 3 September caka cimeneco asilikari a ZIPRA a Joshua Nkomo anagwetsa ndeke ya anthu wamba ya Air Rhodesia itanyamuka ku Kariba, ndipo Smith anakonza kubwezera. M'mawa wa pa 19 October ndeke zace za Hunter ndi Canberra, mitundu yomwe ija ya msonkho wathu, pamodzi ndi mahelikopita, zinaoloka Zambezi ndi kuphulitsa msasa wa ZAPU wa ku Chikumbi, pafupi cabe kumpoto kwa Lusaka. Anthu oposa 200 anafa m'mawa umodzi. Tsiku lomwelo anaukiranso msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amai ambiri.

Cimene cikhudza nkhani yathu ndi cimene cinamveka pa wailesi. Mtsogoleri wa ndekezo, Chris Dixon, wodzicha Green Leader, anaitana nsanja ya Lusaka naiuza kuti iperekeze mau kwa mkuru wa msasa wa ndeke za nkhondo wa ku Mumbwa: kuti iwo adza kudzamenya anthu ao opanduka, kuti alibe mlandu ndi Zambia, koma ndeke iri yonse ya nkhondo ya Zambia imene idzanyamuka adzaigwetsa. Ndeke ya Kenya Airways imene inali kudza kudzatera inauzidwa kudikira kumwamba. Kwa kanthawi ndithu mlendo wa mfuti ndiye anali kulamula amene atera ndi amene anyamuka pa bwalo la likuru la dziko lathu. Anajambula mau onsewo pa tepi, nakaulutsa pa wailesi ya kwao kuti anthu ao akondwere.

Ife sitimnyoza mwana wa Zambia amene anali pa nsanja tsiku limenelo. Anayankha modekha, napatutsa ndeke za anthu wamba kuti zisalowe m'moto, ndipo imeneyo ndiyo inali nchito yace. M'manja mwace munali wailesi cabe. Wailesi imvedwa ndi ofuna kumvera. Wosafuna kumvera aletsedwa ndi maso oona patali, ndiwo makina a radar, ndi asilikari a kumwamba okhoza kunyamuka msanga. Sitinenanso kuti ciri conse couluka cosadziwika ciomberedwe. Pa 1 September 1983 ndeke za nkhondo za Soviet Union zinagwetsa ndeke ya Korean Air Lines imene inasokera njira, anthu 269 nafa, ndipo mu 1984 maiko anaonjeza ndime m'pangano lija la ku Chicago yoletsa kuombera ndeke za anthu wamba. Mwini mudzi wanzeru ayamba wafunsa mlendo dzina. Koma ayenera kumuona poyamba, ndipo mlendoyo adziwe kuti pamudzipo pali amuna.

Lero nchitoyi iri m'manja atatu. Civil Aviation Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012, ndiyo iika malamulo, iyesa ndeke ndi kupereka ziphaso kwa oyendetsa ndi olondolera. Zambia Airports Corporation isunga mabwalo akuru-akuru ndi kulemba nchito anthu a pa nsanja ndi a pa wailesi. Zambia Air Force ndiyo mlonda. Onsewa ndi ana athu, ndipo pa cimeneci tiyenera kunyadira.

Koma cakudza siciimba ng'oma, ndipo thambo likhoza kutayika popanda bomba ndi limodzi lomwe. Mu 2009, oyesa a ICAO atapeza kuti kayang'aniridwe kathu ka ndeke kanali koperewera, maiko a European Union analetsa makampani onse a ndeke a mu Zambia kuuluka kwao. Ciletso cimeneco cinakhala zaka 7, kufikira mu 2016. Palibe Welensky kapena Smith amene anaticita zimenezo. Kunali kucepa kwa oyesa ophunzira, kufooka kwa malamulo ndi kusasamala kwathu tokha, ndipo tinatulukamo pamene tinakonza nyumba yathu. Taonaninso Somalia. Boma lao litagwa mu 1991, mlengalenga wao unayendetsedwa kucokera ku Nairobi m'dziko la Kenya kwa zaka zoposa 20, ndipo unabwerera ku Mogadishu mu December 2017. Pa mapu malire ao a kumwamba anali comweco osasunthika. Cinasowa ndi anthu, makina ndi boma loti nkugwira nchitoyo.

Ena aganiza kuti dziko liri ndi thambo pamene liri ndi ndeke zopakidwa mbendera yace. Zimenezo nzosiyana. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994 ndipo inadzaukanso mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, koma zaka zonse za pakatipo anthu a pa nsanja sanaleke nchito ndi usiku umodzi womwe. Ndeke ya mbendera ioneka bwino pa cithunzi, nduna niimirira pambali pace. Wailesi ya m'thengo imene ilandira mau a ndeke yodutsa ku Mongu kapena ku Kasama, ndi injini imene iipatsa magetsi pamene malaiti azima, palibe aijambula cithunzi, ndipo cifukwa cace nkosabvuta kuiiwala pogawa ndalama.

Tisaiwalenso kuti tiribe nyanja ya mcere. Tazingidwa ndi maiko 8: Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Ndeke iri yonse yocoka kuno kunka kunja, kaya yanyamula odwala, maluwa kapena mtsogoleri wa dziko, iyenera kupempha njira kwa mmodzi wa amenewa. Cifukwa cace wolondolera wathu ayenera kumvana tsiku ndi tsiku ndi mnzace wa ku Harare, wa ku Lilongwe ndi wa ku Dar es Salaam. Lero kulankhula ndi Harare si manyazi monga kunaliri kulankhula ndi Salisbury, pakuti tsopano ali yense akhala pa mpando wace ndipo apatsana ndeke pa malire ngati anthu olingana.

Tsono tifike pa ndalama, pamene inu a m'komboni muli ndi mau. Ndeke iri yonse yodutsa pamwamba pathu ilipira, molingana ndi kulemera kwace ndi utali wa njira imene yayenda m'cigawo cathu. Ndalama zimenezo ndi za nchito ija ya kulondolera, ndipo ziyenera kubwerera ku radar, ku mawailesi, ku maphunziro ndi ku malipiro a anthu amene agona maso kuti ena afike kwao. Munthu wophunzira nchito yotere afunidwa m'maiko ambiri. Tikamlipira ngati wosafunika adzapita, ndipo tidzakhala titaphunzitsira eni ena. Mu Lusaka muli sukulu ya nchito zimenezi, Zambia Air Services Training Institute. Ana angati a ku Matero, ku Chawama, ku Twapia ndi ku Wusakile adziwa kuti iripo? Mwana wa wokumba mgodi amene akhoza masamu ndi Cingelezi akhoza kukhala pa nsanja monga mwana wa wina ali yense, koma wina amuuze njira yace.

Pali cinanso cimene anthu a m'migodi acimvetsa msanga. Ndeke siinyamula anthu okha. Ikhozanso kunyamula makina oona za pansi pa nthaka. Mu 2024 Boma linayambitsa nchito yopima miyala ya mtengo m'dziko lonse ndi ndeke zouluka m'munsi, ndipo nchitoyo inapatsidwa kwa kampani yakunja. Kupimako nkwabwino, pakuti dziko liyenera kudziwa cuma cace. Koma amene anakhalapo kalaliki adziwa kuti mphamvu iri kwa wosunga buku. Mapu amenewo akhale m'nyumba ya Boma la Zambia, ndipo mbadwa yofuna kukumba iwaone pa mtengo umodzi-modzi ndi mlendo. Cimodzi-modzi tindeke tating'ono topanda munthu, tochedwa madroni, timene tacuruka masiku ano: lamulo lifuna cilolezo ca Civil Aviation Authority, ndipo lamulolo ligwire wolemera ndi wosauka mofanana.

Cifukwa cace tipempha aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo afunse nduna yoyang'anira za maulendo mafunso awa poyera, ndipo mayankho ace asindikizidwe m'zinenero zathu: caka catha zinadutsa ndeke zingati pamwamba pa Zambia, zinalipira ndalama zingati, ndipo ndalamazo zinagula ciani? Ndi mbali ziti za dziko zimene radar iona, ndi ziti zimene wolondolera adalira mau a woyendetsa okha? Mau a pa nsanja iri yonse ajambulidwa ndi kusungidwa masiku angati? Ndeke ikasowa usiku, ofuna-funa anyamuka patapita mphindi zingati? Tipemphanso Boma lisatope kuumiriza ku United Nations kuti maboma amene akali kusunga makalata a usiku uja wa mu 1961 awatulutse, ana a oocha makala a ku Twapia akali moyo.

Phungu wanu akadza ku msonkhano wa m'komboni, mukatha kumfunsa za madzi ndi za ufa, mumfunsenso zimenezi. Ndipo aphunzitsi a ku Migodi atenge ana a sukulu kunka nao pa malo a cikumbutso pamene Albertina inagwera, kunja kwa Ndola, awerenge okha makilomita ocokera m'tauni, ndi kuwauza kuti ofuna-funa anatha maola 15.